Kochi watsopano, osewera akale: zikhulupiriro ndi zoona za kaseweredwe ka option

Ife okonda masewera tili ndi chizolowezi chimodzi kulikonse kumene tili. Timu ikalemba kochi watsopano, timakhala pansi n'kuyamba kugawa osewera: uyu akwanira, uyu ntchito yamuthera, uyu angosamuka. Timatero chifukwa timu timaikonda ndipo sitifuna kuti chaka chipite pachabe. Pa mpira wa m'mayunivesite a ku America, mkangano wotere umakula kwambiri kochi wobwerayo akakhala wa kaseweredwe kotchedwa option.

Mpira umenewu ndi wa manja, wosongoka mbali zonse ziwiri, ndipo timu iliyonse imalowetsa anthu 11. Timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi 10 kupita kutsogolo, pothamanga nawo kapena pouponya. Ikakwanitsa imapatsidwanso mwayi kanayi, mpaka ikafike kumapeto kwa bwalo kumene imapeza mapointi 6. Yadi imachepera pang'ono pa mita. Woyendetsa zonse ndi wosewera wotchedwa quarterback. M'matimu ambiri, amene athamange ndi mpira amadziwika sewero lisanayambe. Mu option, quarterback amasankha sewero lili mkati, malinga ndi zimene mdani wachita: apatse mnzake wa kumbuyo kwake, athamange nawo yekha, kapena auponyere mnzake wa pambali.

Nkhani yotiphunzitsa bwino ndi ya Georgia Tech, yunivesite ya mumzinda wa Atlanta. Mu Disembala 2007 idalemba Paul Johnson kuchokera ku timu ya sukulu ya asilikali ya Navy kuti alowe m'malo mwa Chan Gailey, amene kaseweredwe kake kankatengera ka ligi ya akatswiri ya NFL. Anyamata amene Johnson adawapeza adabwera kudzasewera za Gailey. Ambiri adali a zaka 18 mpaka 23, ndipo malamulo ankawapatsa zaka zinayi zokha zosewera. Chaka chotayika chifukwa cha malangizo olakwika sichibwereranso. Choncho zimene timanena za anyamata otere ziyenera kuyesedwa bwino.

Chikhulupiriro 1: Kochi wa option sangapambane mpaka atapeza osewera akeake

Zoona: Maganizo awa ali ndi pogwira. Kaseweredwe kakasinthiratu, n'zomveka kuyembekezera kuti akale amalize sukulu kaye, atsopano alowe. Koma mu 2008, chaka choyamba cha Johnson, Georgia Tech idapambana masewero 9 n'kugonja 4, pomwe mu 2007 idapambana 7 n'kugonja 6. Amene adasenza timu, Josh Nesbitt, Jonathan Dwyer, Roddy Jones ndi Demaryius Thomas, onse adabwera Gailey akadali kochi. Pa 29 Novembala chaka chimenecho adapita ku Athens kukakumana ndi yunivesite ya Georgia, timu yomwe idawagonjetsa zaka 7 zotsatizana. Popita kokapuma adali akugonja 28 kwa 12, koma masewero adatha 45 kwa 42 mokomera Georgia Tech, imene idathamanga ndi mpira mayadi oposa 400. Izi zidatheka chifukwa luso lomwe option imafuna, monga kulimba, liwiro ndi kuganiza msanga, limapezeka kale m'timu iliyonse yabwino. Chimene chimasintha ndi malo amene munthu aliyense waikidwa.

Chikhulupiriro ichi chimapweteka kwambiri osewera a m'chaka chomaliza. Tikamawatcha "a kochi wakale", timawapatsa chifukwa choti asalimbikire, ndipo timapatsa kochi chifukwa choti awasiye pa benchi podikira anyamata ake. Munthu amene watsala ndi chaka chimodzi sangadikire zaka zitatu.

Chikhulupiriro 2: Option ndi kaseweredwe ka matimu osauka luso

Zoona: Timaganiza chonchi chifukwa masiku ano kaseweredwe aka timakaona kwambiri m'masukulu a asilikali: Army, Navy ndi Air Force. Anyamata olota za NFL kawirikawiri amapita kwina, popeza womaliza maphunziro kumeneko amayembekezereka kugwira ntchito ya usilikali. Option imawathandizadi masukulu amenewa. Mu 2007 Navy ya Johnson idagonjetsa Notre Dame 46 kwa 44, itagonja kwa timu imeneyo ka 43 motsatizana. Koma mbiri imaonetsanso mbali ina. Texas ya kochi Darrell Royal idayamba mtundu wa option wotchedwa wishbone mu 1968 n'kukhala akatswiri a dziko lonse mu 1969 ndi 1970. Oklahoma ya Barry Switzer idachita chimodzimodzi mu 1974, 1975 ndi 1985, ndipo Nebraska ya Tom Osborne mu 1994, 1995 ndi 1997. Awa adali matimu odzaza ndi osewera apamwamba.

Chifukwa chake ndi masamu. Pa sewero wamba lothamanga, quarterback akapereka mpira ntchito yake yatha, ndipo anthu 9 amatsala kuti atsekereze adani 11. Mu option adani awiri amasiyidwa dala osatsekerezedwa, ndipo quarterback amathana nawo potumiza mpira kumene iwo sadapite. Mwayi wotere umakweza wofooka, wamphamvu n'kumuwonjezera mphamvu. Tikamanena kuti option ndi ya osowa pogwira, mnyamata waluso amaona ngati wanyozedwa, ndipo amaphunzira ndi mitima iwiri. Kaseweredwe kodalira kumvana kwa anthu 11 kamawonongeka ndi munthu mmodzi wotero.

Chikhulupiriro 3: Quarterback wa option amangofunika liwiro

Zoona: Liwiro limafunika, koma maso ndi manja ndizo zimayamba. Tiyang'ane sewero limodzi pafupi. Quarterback walandira mpira kuchokera kwa mnzake wapakati pa mzere. Akutembenuka n'kuuika pamimba pa wothamanga amene akubwera kuchokera kumbuyo, koma sakuusiya. Onse awiri agwira mpira umodzi kwa kanthawi kosakwana sekondi. Maso a quarterback ali pa mdani woyamba wosiyidwa dala uja. Mdaniyo akaima kapena akapita kunja, quarterback amasiya mpira pamimba pa mnzake. Akalowa mkati kuti agwire wothamangayo, quarterback amausolola n'kuthamanga motsata mzere kupita kwa mdani wachiwiri. Ameneyo akamudzera, amauponyera pambali kwa mnzake amene akumutsatira chapatali pang'ono, ndipo nthawi zambiri amauponya iye ali pafupi kugundidwa. Ndi zisankho ziwiri m'masekondi ochepa, zobwerezedwa masewero onse.

Nesbitt, quarterback wa Georgia Tech, adali munthu wathupi, wosaopa kugundidwa, ndipo mu 2009 adathamanga mayadi oposa 1,000. Phindu la munthu wodziwa kusankha lidaoneka pamene iye padalibe. Mu Okutobala 2008, iye ndi womuthandiza wake atavulala, Georgia Tech idapulumukira mkamwa mwa mbuzi pogonjetsa timu yaing'ono ya Gardner-Webb 10 kwa 7. Mu Novembala 2010 adathyoka mkono pa masewero ndi Virginia Tech, ndipo timu idamaliza chaka itapambana 6 n'kugonja 7. Tikamafuula kuti alowe mnyamata wothamanga kuposa onse, timakankhira pamoto munthu amene sadaphunzire kuwerenga mdani. Amayamba kulota m'malo mosankha, mpira umagwa, thupi limalandira zibakera zosafunika, ndipo ife tomwe timamutcha wolephera.

Chikhulupiriro 4: Othamanga ndi mpira onse ntchito yawo ndi imodzi

Zoona: M'kaseweredwe ka Johnson, kotchedwa flexbone, muli ntchito ziwiri zosiyana kwambiri. Wotchedwa B-back amaima kumbuyo kwenikweni kwa quarterback ndipo amalowa pakati pomwe pali chipwirikiti. Amagundidwa pafupifupi pa sewero lililonse, ngakhale pamene mpira sadapatsidwe, chifukwa ntchito yake ina ndi kukopa mdani woyamba. Otchedwa A-back amakhala awiri, wina mbali ino ya mzere wina mbali inayo. Mmodzi amazungulira kumbuyo kuti akawakhe mpira woponyedwa pambali ali pa liwiro, mnzake amathamangira kutsogolo kukamutsegulira njira. Dwyer, wathupi ndi wamphamvu, adaikidwa pa B-back. Mu 2008 adathamanga mayadi 1,395 ndipo adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi yawo ya ACC. Jones, wamng'ono thupi koma wachangu, adaikidwa pa A-back, ndipo pa masewero a ku Athens aja adathamanga mayadi 214. Ena adasinthasintha mpaka atapeza malo awo. Anthony Allen adasewera A-back mu 2009, kenako B-back mu 2010 n'kuthamanga mayadi oposa 1,300. Synjyn Days adabwera ngati quarterback, koma dzina lake lidamveka mu 2014 ali pa B-back.

Tikasokoneza ntchito ziwirizi, timaweruza ndi mayadi okha. A-back amene wathera masewero onse akutsegulira anzake njira timamuona ngati sadachite kanthu, pomwe popanda iye mayadi a mnzakewo sakadapezeka. Kapena timakakamira kuti wamng'ono wachangu azipatsidwa mpira pakati nthawi zonse, pamalo pomwe thupi lake silingapirire chaka chathunthu.

Chikhulupiriro 5: Wowakha mipira waluso ayenera kusamuka msanga

Zoona: Ichi ndi chikhulupiriro chomveka kuposa zonse, chifukwa timu ya option imaponya mpira kutsogolo kangapo kokha pa masewero. Wowakha amathera nthawi yambiri akutsekereza adani. Koma mipira yochepayo imakhala yolemera. Adani akatumiza anthu ambiri kutsogolo kuti aletse othamanga, wowakha amatsala ndi mdani mmodzi yekha pabwalo lalikulu. Demaryius Thomas adakhalabe ku Georgia Tech Johnson atabwera. Mu 2009 adawakha mipira 46 yokha, koma idamupatsa mayadi 1,154, kutanthauza mayadi 25 pa mpira uliwonse. Mu 2010 Denver Broncos idamusankha pa nambala 22 m'ndime yoyamba ya chisankho cha osewera atsopano a NFL, ndipo adadzapambana nayo chikho cha NFL cha Super Bowl mu 2016. Stephen Hill adasankhidwa m'ndime yachiwiri mu 2012, ndipo Darren Waller, amene adasankhidwa mu 2015, adadzakhala mmodzi mwa osewera odziwika pa malo ake mu NFL. Onsewa adali anyamata ataliatali, otha kutsekereza ndi kulimbirana mpira m'mwamba.

Pamenepa m'pamene pali muyeso weniweni. Wowakha wamtali ndi wamphamvu amakwanira bwino. Wamng'ono amene luso lake ndi kuwakha timipira tafupitafupi tambirimbiri akhoza kuvutika, pokhapokha atasamukira pa A-back. Tikawauza onse mawu amodzi akuti thawani, ena amasiya malo omwe akadawala, amasiya anzawo ndi maphunziro omwe adayamba, n'kukapezeka ali pa benchi kwina.

Chikhulupiriro 6: Anyamata a pamzere akakhala akuluakulu, zonse zili bwino

Zoona: Pa mzere wa kutsogolo pamaima anthu asanu amene ntchito yawo ndi kutsekereza adani. M'kaseweredwe koponya mpira, iwo amabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono ngati mpanda woteteza quarterback, ndipo kumeneko kulemera ndi kutalika kwa mikono n'kofunika. Mu option amaima motalikirana, pafupifupi mita imodzi pakati pawo, amanyamuka mowerama kupita kutsogolo, ndipo kawirikawiri amadutsa mdani wapafupi kuti akapeze wina amene ali mayadi angapo kumbuyo kwake. Wolemera kwambiri amafika mochedwa, njira itatsekedwa kale. N'chifukwa chake mzere ndiwo umavutika kuposa onse kochi wa option akangofika. Sean Bedford adalowa m'timu ya Georgia Tech popanda thandizo la maphunziro lopatsidwa kwa osewera, ndipo ankasewera mbali yoteteza. Johnson atabwera adasamutsidwira pakati pa mzere. Adasankhidwa m'gulu la osewera apamwamba a ACC mu 2009 ndi 2010, ndipo mu 2010 adakhala woyamba kulandira Burlsworth Trophy, mphoto ya wosewera amene adayamba wopanda thandizo lotero.

Pali mantha ena oyenda ndi chikhulupiriro ichi, akuti wa pamzere wa option sangalowe mu NFL. N'zoona kuti amafunika kuphunzira zambiri za kuteteza woponya mpira. Koma Shaq Mason adachoka ku Georgia Tech mu 2015 kupita ku New England Patriots, kumene adapambana Super Bowl kawiri. Tikamayeza anthu ndi sikelo yokha, aang'ono aluso ngati Bedford sapatsidwa mpata, ndipo ena amadzikakamiza kunenepa mopweteka mawondo awo pofuna kufika pa kulemera komwe ntchito yawo sikufuna.

Chikhulupiriro 7: Kutsekereza mdani m'miyendo ndi nkhanza ndi chinyengo

Zoona: Nkhawa ya pamenepa ndi yoyenera, chifukwa bondo likawonongeka moyo wa wosewera umasintha. Komabe tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri. Munthu mmodzi kudziponya m'ntchafu za mdani amene akumuona kutsogolo kwake kwakhala kololedwa kwa zaka zambiri, ndipo matimu a option ankadalira njira imeneyi kuti wamng'ono athe kugwetsa wamkulu. Choletsedwa ndi anthu awiri kugunda mdani mmodzi, wina m'mwamba wina m'miyendo, ndipo chilango chake ndi kubwezedwa mayadi 15. Malamulo akhala akusintha pofuna kuteteza osewera. Mu 2022 bungwe loyendetsa masewera a m'mayunivesite la NCAA lidaletsa kutsekereza m'munsi mwa chiuno kunja kwa dera lapakati pa mzere, ndipo izi zidakhudza kwambiri ntchito ya A-back kumbali. Army ya Jeff Monken, amene adagwirapo ntchito pansi pa Johnson, idasintha kaseweredwe mu 2023 n'kupambana 6 kugonja 6. Mu 2024 idabwerera kufupi ndi njira zake zakale motsatira malamulo atsopano, ndipo idapambana masewero 12 n'kutenga chikho cha ligi yake.

Kulakwa kuli mbali ziwiri. Tikamatcha anyamata omvera kochi ndi malamulo kuti ndi ankhanza, timawapaka dzina loipa lomwe sadalipalamule. Tikamanena kuti palibe choopsa chilichonse, timachepetsa udindo wa makochi wophunzitsa njira yoyenera ndi kulanga wophwanya lamulo. Poweruza ngati osewera akukwanira mu option lero, tiyang'ane malamulo a lero: A-back tsopano ayenera kutha kutsekereza ataimirira, choncho mphamvu za m'manja ndi m'mapewa zakhala zofunika kuposa kale.

Chikhulupiriro 8: Mpira ukamagwa m'masewero oyamba, osewera sakukwanira

Zoona: Mpira wogwa umapweteka mtima, ndipo mu option umagwadi kawirikawiri poyamba, chifukwa umadutsa m'manja ambiri anthu ali pa liwiro. Koma chimene chimasowa nthawi imeneyo ndi kuzolowerana. Zili ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi: mphamvu onse ali nazo, koma akapanda kudziwana kuti munsi wa wina ukakwera wa wina utsike, minsi imagundana. Quarterback ndi B-back ayenera kufika pomvana ndi manja okha kuti mpira wasiyidwa kapena wasololedwa, ndipo zimenezi zimabwera pobwereza sewero lomwelo kambirimbiri. Nthawi yake ndi yochepa. NCAA imalola masiku 15 okha a zokonzekera m'miyezi yoyambirira ya chaka, ndi maola 20 pa sabata masewero akayamba, chifukwa anyamatawa ndi ophunziranso. N'chifukwa chake makochi a option amakhala ndi masewero ochepa oloweza, n'kumawabwereza tsiku ndi tsiku.

Mbiri imatilangiza kudekha. Texas ya mu 1968 idafanana mphamvu ndi Houston pa masewero oyamba a wishbone, idagonja achiwiri kwa Texas Tech, kenako quarterback James Street atayamba kuitsogolera idapambana masewero 30 motsatizana. Navy ya Johnson idapambana 2 n'kugonja 10 mu 2002, idapambana 8 mu 2003, ndi 10 mu 2004. Tikaweruza m'mwezi woyamba, timakakamiza kochi kusinthasintha anthu, ndipo kusinthako kumapha kuzolowerana komwe kukadathetsa vuto. Mnyamata wokuwizidwa chifukwa chogwetsa mpira amayamba kuopa kuusolola kapena kuuponya pambali, ndipo option ya njira zitatu imatsala ndi njira imodzi.

Chikhulupiriro 9: Adani akangokazindikira, kaseweredwe aka katha

Zoona: Okhulupirira izi ali ndi umboni wawo. Pa 31 Disembala 2008 timu ya LSU, itakhala ndi masabata angapo okonzekera, idakwapula Georgia Tech 38 kwa 3. Mu Januwale 2010 Iowa idaigonjetsa 24 kwa 14 pa masewero otsekera nyengo a Orange Bowl. Nthawi yokonzekera imathandizadi, chifukwa matimu ambiri amakumana ndi option kamodzi pa chaka ndipo sabata imodzi imawachepera. Koma mu option mulibe chinsinsi chobisika choti wina akachivumbula zonse zithe. Kaseweredwe aka kalipo kuyambira m'ma 1940, pamene Don Faurot adakayamba ku Missouri, ndipo kochi aliyense amadziwa mmene kamayendera. Chovuta n'chakuti woteteza aliyense agwire munthu wake pa sewero lililonse osanyengeka, ndipo akasintha kaimidwe, kochi wa option amasinthanso amene atsekerezedwe ndi amene asiyidwe. Chaka chotsatira chigonjetso cha LSU, Georgia Tech idapambana masewero 10 mwa 12 a m'ndandanda wa chaka. Pa 31 Disembala 2014, m'chaka chachisanu ndi chiwiri cha Johnson, idagonjetsa Mississippi State, timu yomwe idakhalanso ndi masabata okonzekera, 49 kwa 34 pa Orange Bowl.

LSU ndi Iowa zidapambana chifukwa oteteza awo a kutsogolo adaposa mphamvu anyamata a pamzere, ndipo vuto limenelo limagwetsa kaseweredwe kalikonse. Georgia Tech idakhalanso ndi zaka zoipa, monga 2015 pamene idapambana masewero 3 okha. Tikamaika mlandu wonse pa kaseweredwe, sitiona chomwe chikufunika kukonzedwa, kaya ndi mzere wofooka, kaya ndi kuchepa kwa olowa m'malo mwa ovulala. Osewera nawonso amayamba kukayikira zomwe akuphunzira, ndipo wokayika amachedwa kusankha.

Chikhulupiriro 10: Wosewera wabwino amakwanira paliponse

Zoona: Ichi ndi chikhulupiriro cha mtima wabwino, ndipo tikatha kuwerenga za Dwyer, Thomas ndi Bedford n'chosavuta kuchilandira. Koma si choona. Alipo osewera abwino amene option ilibe nawo malo. Taylor Bennett, quarterback woponya mpira amene ankayamba masewero a Georgia Tech mu 2007, adasamukira ku Louisiana Tech. Colin Peek ankasewera malo otchedwa tight end, omwe m'kaseweredwe ka Johnson mudalibe. Adapita ku Alabama, adakhala chaka cha 2008 osasewera monga malamulo a nthawiyo ankafunira, ndipo mu 2009 adali m'timu yomwe idakhala akatswiri a dziko lonse. Chitsanzo chachikulu ndi cha quarterback Troy Aikman. Mu 1985 adathyoka mwendo akusewerera Oklahoma, Jamelle Holieway adalowa m'malo mwake n'kutsogolera wishbone mpaka ku ukatswiri wa dziko. Switzer mwiniyo adathandiza Aikman kupeza malo ku UCLA. Mu 1989 Aikman adasankhidwa woyamba mwa onse olowa mu NFL, ndipo adapambana Super Bowl katatu ndi Dallas Cowboys. Oklahoma ndi Aikman onse adapindula chifukwa padanenedwa zoona.

Ulendo wobwerera umaonetsa zomwezo. Nebraska itasiya option mu 2004 pansi pa Bill Callahan, idapambana 5 n'kugonja 6, koyamba kugonja kochuluka kuposa kupambana chiyambire 1961. Johnson atapuma pa ntchito kumapeto kwa 2018, Geoff Collins adapeza timu yomangidwira option ndipo adaisinthira ku kaseweredwe kena. Idapambana masewero 3 okha chaka chilichonse mu 2019, 2020 ndi 2021, ndipo Collins adachotsedwa mu 2022. Zifukwa zidali zingapo, koma anyamata amene adabwera kudzasewera option ndiwo adayamba kulipira mtengo wa kusinthako. Tikamauza aliyense kuti angolimbikira akwanira, wosakwanirayo amadziimba mlandu pa chinthu chomwe si cholakwa chake. Akasankha kusamuka timamutcha wosakhulupirika, pomwe wangoteteza zaka zake zochepa. Kuyambira 2021 malamulo adafewetsa kusamuka, koma kusiya sukulu, aphunzitsi ndi anzako kukadali chinthu chachikulu kwa mnyamata wa zaka 20.

Zoti tizifunsa

Zikhulupiriro khumizi zili ndi muzu umodzi: timaweruza wosewera potengera dzina la malo ake akale, kukula kwa thupi lake, kapena kochi amene adamubweretsa. Option imafunsa mafunso ena. Kodi quarterback amatha kusankha bwino akuona kuti agundidwa? Alipo wachiwiri ndi wachitatu amene aphunzira zomwezo? Ndani angapirire ntchito ya pakati, ndipo ndani angatsekereze kumbali mpira uli m'manja mwa wina? Kodi a pamzere amafika pa mdani wachiwiri nthawi yake? Mayankho ake amapezeka pabwalo la zokonzekera, patapita miyezi, ndipo amasiyana munthu ndi munthu.

Mawu athu ochemerera amafika kwa osewera, kwa makolo awo ndi kwa akuluakulu a sukulu amene amalemba ndi kuchotsa makochi. Choncho amene akukwanira timupatse nthawi yoti aphunzire, osamukuwiza pa mpira woyamba kugwa. Amene sakukwanira auzidwe zoona msanga ndi mwaulemu, athandizidwe kupeza kumene luso lake likufunika, ndipo akamapita tisamunyoze.